Loko Wothyoka pa Msewu wa ku Karoi

Ndinanyamuka ku Ruwa Lachisanu m'mawa, mphepo ya mu Ogasiti ikuulutsa fumbi, ndili ndi mtolo umodzi wokha kumbuyo kwa njinga yamoto. Mu mtolomo munali zovala za mkazi wanga Elina, amene anatisiya mu Meyi. Tinamuika kwawo, pa komboni ya famu ina kuseri kwa Karoi, ndipo mwana wathu Takondwa, wa zaka zitatu, anatsala komweko ndi agogo ake. Loweruka linali tsiku logawa zovala za malemu. Linalinso tsiku loti akuchikazi anene ngati ndingatenge mwanayo kukakhala naye ku Ruwa.

Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Agogo athu anabwera nawo mwambowu kuchokera ku Malawi, ndipo ngakhale ife tinabadwira m'makomboni a kuno, ena ku Shamva ngati ine, ena ku Karoi, tikulankhula Chishona kuposa Chichewa, pa nkhani ya mwana wamasiye palibe amene amaiwala. Bambo amachita kupempha. A Chisale, amalume ake a Elina, anandiuza pamaliro pomwe kuti adzayamba aona mmene ndisungire zinthu za mwana wawo Elina.

Mtolowo anaumanga ndi alamu anga a Dorika, akulu ake a Elina. Anabwera ku Ruwa maliro atatha, nasonkhanitsa madiresi, nsapato, majuzi ndi bulauzi yoyera ya kwaya, namanga zonse m'chitenje chimodzi, chija kuno timati zambia. Anandiuza kuti mfundoyo isamasulidwe, ndipo munthu asakhudze chovala chilichonse mpaka tsiku limene adzaziwaze madzi a masamba. Amati chovala cha womwalira chisanawazidwe chimam'tsata wochikhudza. Ine ndinaphunzira zaulimi ku koleji, ndipo ntchito yanga ndi yolangiza alimi za mbewu ndi mankhwala. Sindinganene kuti zonsezi ndimazikhulupirira, koma ndinamvera. Mtolo unakhala pamwamba pa wadiropu nyengo yonse yozizira, ine ndikugona mouyang'ana.

Kuubweretsa inali ntchito yanga, mwamuna wake. Basi ndinaikana dala. Pa basi katundu amaponyedwa m'ngolo ya kumbuyo, wina kupatsira wina, wina kukhalira, ndipo chitenje sichichedwa kumasuka. Njinga yanga ili ndi bokosi lapulasitiki lakumbuyo, lokhala ndi loko wake, mmene ndimanyamuliramo zitsanzo za mbewu. Ndinalitsuka bwinobwino dzulo lake. Vuto linali lakuti mtolo unaposa bokosi pang'ono. Ndinaukankhira m'kati, ndinapondereza chivindikiro ndi bondo mpaka chinagwira. Potembenuza kiyi ndinamva kaphokoso m'kati mwa loko, ngati dzino losweka, koma kiyi anatuluka, chivindikiro chili nganganga. Ndinaganiza kuti zatheka.

Mu Harare ndinataya nthawi yambiri. Makombi, maminibasi a kuno, anali atatseka msewu pa mphambano ina imene maloboti ake sankayaka, aliyense akulowetsa mphuno ya galimoto lake pomwe waona mpata. Ndinaima pakati pa utsi, phazi limodzi pansi, dzanja langa likubwerera kumbuyo kukagwira bokosi. Nditatuluka m'tauni ndinamwetsa petulo pa Nyabira. Womwetsayo anagogoda bokosi ndi chala nafunsa mwa nthabwala ngati ndanyamula golide, poona mmene ndinkaliyang'anira. Ndinaseka naye pang'ono ndi kupita.

Kuyambira pamenepo msewu ndi wa magalimoto akuluakulu opita ku Chirundu. Likakudutsa limodzi, mphepo yake imakukankha ngati munthu. Pa mapiri a Mapinga ndinaima kuyesa chivindikiro. Chinali chogwira. Minda ya tirigu inali yobiriwira, kwina konse kouma.

Ndisanafike pa Banket ndinakumana ndi thiraki limene linkadutsa linzake, likubwera m'mbali yanga. Ndinapatukira m'mphepete, pomwe phula linadyeka, ndipo tayala lakutsogolo linagwera m'dzenje. Sindinagwe. Ndinangomva kumbuyo kwapepuka. Poima ndi kucheuka, chivindikiro chinali yasa, mtolo ukugubuduzika pa phula. Mfundo inamasuka. Mphepo ya thiraki lija inatenga zotsalazo.

Ndinaona diresi lachikasu la Elina likuyenda pamsewu lokha, ngati muli munthu. Bulauzi ya kwaya inakodwa pa waya wa mpanda. Nsapato imodzi inali pakati penipeni pa msewu. Ndinaimika njinga.

Kumbuyo kwanga kunkabwera thirakitala yokoka ngolo, itanyamula amayi opita ku maricho, ganyu ya tsiku, yokumba mbatatesi. Woyendetsa anaima, ndipo amayi anayi anadumpha asanapemphedwe ndi munthu. Anathamangira pamsewu, wina akubayibitsa magalimoto ndi mpango, ena akutola. Ankaseka. Wina anafuula m'Chishona kuti mkazi wanga wandithamangitsa koma ine ndalakwitsa sutikesi. Mnzake anati ayi, uyu ndi wa mabhero, wogulitsa kaunjika, tiyeni tisankhe mitengo isanakwere. Anabwera nazo atazipakata, akuzikung'untha fumbi.

Apa ndi pamene ndinayenera kulankhula. Mawu ake anali ochepa, ndipo ndinali nawo pakamwa. Ndinaima chilili, chipewa cha njinga chili m'manja, ndikungoti zikomo, zikomo.

Wamng'ono mwa iwo, mtsikana wa mimba yooneka kale, ndiye anatola diresi lachikasu. Analiyeza pathupi pake, nalikoka pamimba kuona ngati lingakwane, nandifunsa mtengo. Anzake anamuuza kuti lamukhala. Ine ndinayang'ana pansi.

Thukuta linali litandigwira, ndipo ndinavula jekete osaganiza. Pa mkono wa malaya anga panali kansalu kakuda kamene ndinasokerera pambuyo pa maliro. Mayi wamkulu wa gululo, wa mpango wofiira ndi manja olimba ngati a mwamuna, anakaona. Anayang'ana kansaluko, anayang'ana zovala, kenaka ine. Anasiya Chishona nandilankhula m'Chichewa cha akuluakulu, chija ndinkamva kwa agogo anga.

"Mwana wanga, zovala izi mwini wake ali kuti?"

"Anamwalira, mayi."

"Zinawazidwa?"

"Ayi. Aziwaza mawa."

Kuseka kunatha. Mtsikana uja anasiya diresi ligwe, natambasulira manja ake kutali ndi mimba, osadziwa poti awaike. Sanalire. Anangoyang'ana mayi wamkuluyo ngati mwana amene wathyola mbale ya eni.

Mayiyo sanandikalipire mokweza. Anati munthu wa msinkhu wanga, wovala bwino chotere, sangaonerere anthu akutola zoterezi ali duu. Anati akanadziwa, akanatola yekha, iye amene anasiya kale kubereka. Popeza manja ake anali atakhudza kale, anayala chitenje pa udzu, napinda chovala chilichonse, natuma ine kukatenga nsapato pamsewu ndi bulauzi pa waya. Anamanga mtolo wothina bwino kuposa poyamba. Kenaka anandiuza dzina lake, kuti ndi a Nabanda, nandilozera msewu wafumbi wolowa pa mitengo ya bulugamu, kumene kuli komboni yawo. Anati madzi amene awazire zovalazo mawa, ndipemphe otsalawo ndibweretse, anayiwo asambe m'manja. Madzi omwewo, osati ena.

Ndinawafotokozera za Takondwa. Ndinati ndikapempha madziwo akuchikazi adziwa kuti mtolo unamwazika pamsewu, ndipo mwana sandipatsa. Ndinafunsa ngati abusa a kwawoko sangangowapempherera. Ndikukumbukira kuti ndinafika potulutsa chikwama cha ndalama, ndipo anachiyang'ana mpaka ndinachibweza m'thumba.

"Wanuyo ali ndi agogo ake," anatero. "Wa uyu sanabadwe."

Woyendetsa thirakitala anali akuliza hutala, kunena kuti kapitawo awadula tsiku. Anandiponyera malegeni awiri odulidwa ku chubu cha tayala, oti ndimangire bokosi. A Nabanda sananditenge nambala ya foni, sanandifunse ngakhale dzina. Anakwera m'ngolo, namukhazika mtsikana uja pambali pawo, manja ake akadali patali ndi thupi.

Loko anali atathyoka kalilime kake ka m'kati, kamene kamakola chivindikiro. Kiyi ankangozungulira. Ndinamanga bokosi ndi malegeni ndi kuyenda pang'onopang'ono mpaka pa Banket. M'sitolo ya zitsulo munali maloko opachika okhaokha, ndipo bokosi langa lilibe popachika. Wogulitsa anati ndikayese ku Chinhoyi, kufupi ndi renki ya mabasi, kuli anyamata odula makiyi.

Ndinam'peza wina ali ndi tebulo pansi pa ambulera, makiyi atapachikika pa waya ngati nsomba zoyanika. Anali Mshona wolankhulitsa, wonditcha mukoma, ndiye kuti achimwene. Anasuzumira loko nanena kuti wa mtundu umenewu sapezeka, pokhapokha nditaitanitsa kunja. Anali ndi loko wa kabati wofananako, koma wonenepa pang'ono, ndiye bowo liyenera kukulitsidwa. Magetsi anali atathima chiyambire m'mawa, choncho makina ake oboolera sankagwira. Anati achita ndi tupa, pamanja, ngati ndili ndi nthawi. Ndipo popeza nati yake imamangidwira m'kati, ndichotse katundu.

Anatambasula dzanja kuti anyamule mtolo. Ndinam'gwira pamkono mofulumira kuposa mmene ndinkafunira. Anandiyang'ana modabwa, kenaka anaona kansalu kakuda, nabweza dzanja osafunsa kanthu.

Panalibe malo oyera oti ndiuike. Pansi panali fumbi, makoko a nthochi ndi madzi a m'ngalande. Ndinakhala pa kreti ya zakumwa, mtolo pa miyendo, ndi kudikira. Mnyamatayo ankapala bowo, nkusiya kuti adulire wina kiyi wa pamanja, nkupita kukabwereka sipanala, nkubwera ndi nkhani ya mpira. Mabasi a ku Kariba ndi ku Karoi ankalowa ndi kutuluka, oitanira akulimbirana anthu. Mayi wogulitsa nthochi pafupi anandiuza kuti ndaufungatira ngati khanda, nafunsa ngati umayamwa. Ndinamwetulira kuti asapitirize. Chidendene cha nsapato chinkandibaya pa ntchafu kudzera m'chitenje. Dzuwa litatentha, nsaluyo inayamba kutulutsa fungo la mafuta amene Elina ankadzola. Ndinatembenuzira nkhope ku khoma kwa kanthawi.

Ndili pa kretipo ndinadzifunsa chimene ndinkadikirira. Malegeni anali atagwira bwino kuchokera ku Banket, ndipo akanandifikitsa ku Karoi. Loko watsopano sanali wa mtolo. Ndinkafuna kuti ndikafika pa komboni, a Dorika andione ndikutulutsa kiyi m'thumba ndi kutsegula bokosi lokhoma. Ndinalidziwa yankholo, ndipo sindinanyamuke.

Bowo litakwana, mnyamatayo analowetsa loko, namanga nati, napinda kalilime ndi pulayala kuti kakole bwino. Anayesa kangapo, nandipatsa makiyi awiri pa kawaya. Ndinalipira zimene ananena, osanenerera. Mtolo womangidwa ndi a Nabanda unalowa mosavuta. Koma loko ankawala kwambiri pa bokosi lakale lija. Nditatuluka m'tauni ndinaima pambali, ndinatapa oyilo wa pa tcheni ndi chala, ndinasakaniza ndi dothi, ndi kum'paka mpaka anaoneka wakale. Malegeni ndinawaponya m'tchire.

Kuchokera ku Lion's Den mpaka ku Karoi ndinali kukonza dongosolo. Ndinati ndidikira nkhani ya mwana ithe, akavomera, kenaka ndidzapemphe madziwo mwakachetechete kwa a Dorika. Pena ndinkati madzi ndi madzi, ndikhoza kutunga pampopi, kuponyamo masamba, ndani angadziwe. Pena ndinkaona manja a mtsikana uja.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Takondwa anabisala kumbuyo kwa agogo ake, kenaka anabwera nandigwira bondo. Anali atatalika. Ndinatulutsa kiyi pamaso pa onse. A Dorika ananyamula mtolo nalowa nawo m'nyumba, mfundo osaiyang'ana n'komwe.

Loweruka m'mawa anayala mphasa pabwalo. Mkulu wa mpingo anapemphera. A Chisale anabwera ndi beseni la madzi oviikamo masamba ndi kanthambi kowazira. A Dorika anamasula mtolo, nayala zovala chimodzichimodzi. Pa bulauzi ya kwaya anaona fumbi lofiira, nalikung'untha, nanena kuti fumbi la msewu wa ku Karoi limalowa ngakhale m'bokosi lokhoma. Anthu anavomereza. Ine ndinali pa kampando kakafupi kumapeto kwa bwalo, pamalo pa mkamwini, Takondwa atatsamira mwendo wanga.

A Chisale anawaza zonse, nawazanso manja a a Dorika. Ndinkayembekeza kuti beseni aliika pambali. Koma iwo analinyamula nayamba kulowera kudzala, kuseri kwa nyumba, kuti akataye asanayambe kugawa. Nkhani ya mwana inali isanayambe n'komwe.

Ndinawomba m'manja mwaulemu, nkuwaitana a Chisale monga timaitanira amalume kuno. "Pepani, a sekuru. Madziwo musataye."

Anaima, beseni lili m'manja. "Muli nawo ntchito yanji, bambo a Tako?"

Ndinanena zonse, maso ali pansi: bondo pa chivindikiro, dzenje, amayi anayi, mtsikana wa pakati ndi diresi lachikasu. Ndinanenanso kuti ndinakhala chete pamene ankatola, ndiponso kuti loko amene anaona dzulo ndinagula ku Chinhoyi. A Dorika anapita pa njinga, napukuta loko ndi chala, nayang'ana chalacho. Ndikanakonda akanandilalatira.

A Chisale anaika beseni pansi, napitiriza mwambo ngati sindinalankhule. Zovala zinagawidwa. Diresi lachikasu linapita kwa msuweni wake wa Elina, ndipo iye analilandira ndi nsonga za zala. Pambuyo pake anthu ena anabalalika, tinatsala a pabanja. A Chisale anati andithokoza pobweretsa katundu, ndiponso posawanamiza mpaka mapeto. Kenaka anafunsa abale awo, osati ine, kuti munthu amene mtolo wamugwa pamsewu, ndipo anthu akumuthandiza iye osatsegula pakamwa, mwana akamutenthera thupi m'tauni adzauza ndani. Anati mwana atsala.

Apongozi anga, mayi ake a Elina, anali asanalankhule tsiku lonse. Ananyamuka, natenga botolo la pulasitiki, nalitsuka, nathiramo okha madzi a m'beseni, kusefa masamba ndi zala. Sitipatsana zinthu m'manja ine ndi iwo, choncho analiika pansi patsogolo panga. Analankhula akuyang'ana kumbali.

"Mukawapepese anthuwo m'dzina lathu. Za mwana tidzakambanso fodya akagulitsidwa. Mudzabwere pa basi."

Fodya anali akadali ku nazale, asanawokedwe n'komwe.

Lamulungu ndinanyamuka anthu akukonzekera za kutchalitchi. Takondwa anafunsa ngati akwera nawo. Ndinamuuza kuti njinga ilibe mpando wa ana, ndipo a Dorika anamunyamula kupita naye kuseri kwa nyumba ndisanalize injini.

Msewu wa pa mitengo ya bulugamu ndinaupeza mosavuta. Komboni yake inali ya nyumba za njerwa zakale ndi zina zamaudzu, ngati imene ndinakuliramo. Nditafunsa a Nabanda, anandilozera pa mjigo. Anandizindikira ndisanavule chipewa. Anatuma mnzawo kukaitana atatu aja, nandiuza kuti mtsikanayo chiyambire Lachisanu akudya ndi supuni, kuopa manja ake, ndipo apongozi ake amuletsa kuphika.

Ndinatsegula bokosi ndi kuwapatsa botolo, pamodzi ndi mawu a apongozi anga. Analilandira ndi manja awiri. Kenaka anasuzumira kumbuyo kwa njinga, nayang'ananso ku msewu kumene ndinachokera.

"Nanga mwana?"

"Watsala, mayi."

Anagwedeza mutu pang'ono, osanena kuti pepani. Amayi aja anafika, mtsikanayo ali pambuyo. Anagwada mozungulira, natambasula manja, ndipo a Nabanda anayamba ndi iye, kuthira pang'onopang'ono kuti akwanire onse. Ndinatembenuka kuyang'ana ku minda mpaka anamaliza.